Benzi ya malemu bambo yazima pa Thondwe: kodi ndi pampu ya mafuta?

"Bambo makaniko, ndili ndi Mercedes-Benz 230E ya 1990 imene anasiya malemu bambo anga. Anaigula ku Joni ndipo ankaisamala ngati mwana. Kwa miyezi iwiri ndakhala ndikumva kaphokoso kumbuyo ngati njuchi zili mumphika, ndipo pokwera chitunda imatsamwa. Ikatentha n'kuizimitsa, kuti ilirenso imavuta. Sabata yatha inazima pa Thondwe ndikupita ku Blantyre, mpaka tinachita kuikoka kubwerera ku Zomba. Sitata ikuzungulira bwinobwino koma injini siikulira. Makaniko wathu akuti pampu ya mafuta yafa, ndipo akufuna aikemo ya Toyota chifukwa ndi yotchipa komanso ikupezeka. Wina akuti ndingochotsa injini yonse ndiike ya ku Japan. Ndichite chiyani?" Wowerenga wa ku Zomba.

Pepani ndi zimene zinakuonekerani pamsewu, achimwene, koma mtima ukhale m'malo. Pa matenda onse amene galimoto ya mtundu umenewu ingadwale, awa ndi ena mwa osavuta kuchiza. Amene akukuuzani zochotsa injiniyo musamumvere n'komwe. Kuchotsa injini chifukwa cha pampu kuli ngati kugwetsa nyumba chifukwa pampopi pasiya kutuluka madzi. Galimoto yanuyo ndi ya m'gulu limene a Mercedes amalitcha W124, limene anayamba kupanga mu 1984, ndipo zambiri zimene zinafika kuno kuchokera ku South Africa zinalumikizidwa ku East London, mzinda wa m'dziko lomwelo. Injini yake, M102 ya malita 2.3 ndi masilinda anayi, ndi imodzi mwa injini zosafa msanga zimene ine ndinagwirapo. Imangofuna mafuta oyera ofika ndi mphamvu yokwanira, basi.

Zimene mwafotokozazi zikulozadi ku pampu. Pampu ya galimoto imeneyi siili m'thanki ngati mmene zilili galimoto zambiri za masiku ano. Ili panja, pansi pa galimoto, pafupi ndi tayala lakumbuyo la mbali ya kumanja, pamodzi ndi fyuluta ndi kachitini kena kamene ndikambe kutsogoloku. N'chifukwa chake mumaimva ikung'ung'udza. Pampu yathanzi imalira motsitsa moti injini ikamayenda simungaimve muli pampando. Ikayamba kumveka mpaka kutsogolo ndiye kuti ikuvutika: mwina yatha mkati, mwina ikukoka mafuta amene sakubwera, mwina ikukankha mafuta amene sakudutsa. Kutsamwa pachitunda ndi nkhani yomweyo, chifukwa pamenepo ndi pamene injini imamwa kwambiri.

Komabe musatulutse ndalama musanatsimikize. Ndaona mapampu ambiri abwinobwino atatayidwa pamene wolakwa anali wina. Yambani ndi khutu. Tsegulani kiyi kufika pamene timagetsi ta pa dashibodi timayaka, osaliza sitata, wina atagwada pafupi ndi tayala lija. Pampu yamoyo imalira kwa sekondi imodzi n'kukhala chete. Ngati sipakumveka kanthu, mwina yafadi, koma mwinanso magetsi sakuifikira.

Amene amaipatsa magetsi ndi relay, kabokosi kakuda kamene kali kuseli kwa batire. Kabokosi kameneka ndi kamene kamanamiza amakaniko ambiri. Mkati mwake muli timawaya towotcherera, ndipo pakapita zaka 30 za kutentha ndi mabampu a misewu yathuyi, mowotchereramo mumang'aluka timing'alu tosaoneka ndi maso. Galimoto imazima mwadzidzidzi, ikazizira n'kuliranso ngati palibe chimene chachitika. Relay imeneyi ilinso ndi khalidwe lina: siilola pampu kupitiriza kuyenda ngati siikulandira uthenga woti injini ikuzungulira. Anaipanga choncho kuti pangozi pampu isamapope petulo pamoto. Zotsatira zake n'zakuti sensa ya pa flywheel (chigudumu chachitsulo cha kumbuyo kwa injini), imene imatumiza uthengawo, ikafa, kapena kabokosi koyendetsa moto wa mapulagi kakawonongeka, pampu nayonso imangokhala duu, munthu n'kumaiimba mlandu. Choncho makaniko wanuyo aone kaye ngati moto ukufika ku mapulagi. Ngati moto kulibe ndipo mafutanso kulibe, vuto lili ku magetsi.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Achotse relay ija, ndipo pasoketi yake alumikize mabowo a nambala 30 ndi 87 ndi kawaya kokhala ndi fyuzi pakati. Pampu ikalira, vuto lili ku relay kapena ku uthenga umene imalandira. Ikapanda kulira, apime magetsi pa pampu penipeni. Pakufunika mavoti osachepera 11.5, ndipo waya wobulawuni wopita ku thupi la galimoto ukhale wogwira bwino, wopanda dzimbiri. Magetsi akafika okwanira koma pampu ili chete, aigogode pang'ono ndi chigwiriro cha sipanala. Ikadzidzimuka n'kuyamba kuyenda, mabulashi ake atha, ndipo imeneyo yapita. Ikhoza kukufikitsani kunyumba tsiku limenelo koma musaidalirenso. Kawaya kolumikizira kaja ndi koyesera basi. Ndaonapo anthu akuyenda nako miyezi, koma kumeneko n'kusewera ndi moto weniweni, chifukwa galimoto ikagubuduzika pampu imapitiriza kuthira petulo.

Ngati pampu ikulira, funso lotsatira ndi lakuti ikukankha mokwanira kapena ayi, ndipo pamenepa m'pamene pali yankho la nkhani ya Toyota ija.

Galimoto yanu imagwiritsa ntchito njira yothirira mafuta ya Bosch yotchedwa KE-Jetronic. Mukatsegula boneti n'kuchotsa bokosi la fyuluta ya mpweya muona chitsulo chokhala ndi timapaipi tachitsulo topita ku silinda iliyonse, ngati miyendo ya kangaude. Chimenecho ndi fuel distributor, ndipo chimagawa mafuta potengera mpweya umene ukulowa mu injini, modalira presha, kutanthauza mphamvu imene pampu ikukankhira mafutawo. Mainjekita ake alibe waya ngakhale mmodzi. Amatsegulidwa ndi mphamvu ya mafuta omwewo ikafika cha m'ma 3.5 mpaka 4 bar (bar ndi muyeso wa presha), ndipo kuti zonse ziyende bwino presha ya m'mapaipi imayenera kukhala pakati pa 5.3 ndi 5.5 bar. Galimoto za Toyota zimene tazizolowerazi zimayendera presha ya cha m'ma 3 bar, ndipo mainjekita ake amatsegulidwa ndi magetsi. Mwaona kusiyana kwake? Pampu yopangidwira 3 bar mukaikakamiza kukankha 5.5, mafuta amene imatulutsa amachepa kwambiri. Mwina galimoto ilira ili pamalo amodzi, makaniko n'kuomba m'manja, koma mukafika pachitunda cha Zomba iyambanso kutsamwa. Injini yoyenda ndi mafuta operewera imatentha mopitirira, ndipo mavavu ndi amene amalipira. Pampu yakeyonso siikhalitsa chifukwa ikusenza katundu woposa msinkhu wake. Kuwonjezera apo, mapampu ambiri a Toyota anapangidwa kuti azikhala m'thanki, atamira m'mafuta. Kuwapachika panja ndi mawaya ndi zingwe za mphira ndi ntchito imene ine sindingaikepo dzanja langa.

Makaniko wanuyo sikuti ndi woipa mtima. Akufuna kukupulumutsirani ndalama, ndipo pa galimoto zimene amagwira tsiku ndi tsiku nzeru imeneyo imathandiza. Kungoti galimoto iyi ndi ya mtundu wina. Walira mvula walira matope: amene wasunga Benzi avomerenso kuti zida zina ziyenera kukhala zakezake.

Muyeso wake ndi geji, chipangizo chopimira presha. Galaja yodziwa ntchito imakhala ndi geji yofika 10 bar, ndipo imapima presha pa fuel distributor. Amapimanso kuchuluka kwa mafuta: amamasula paipi yobwezera mafuta ku thanki, n'kuiloza m'botolo, n'kuyendetsa pampu. Yathanzi imadzaza lita imodzi m'masekondi pafupifupi 40. Ikatenga mphindi yathunthu kapena kupitirira, pali chotchinga kapena pampuyo yatha.

Tsopano tiyerekeze kuti zatsimikizika, pampu yafadi. Chimene ndikufuna mugwiritse kwambiri ndi ichi: pampu ya Bosch siifa yokha, pamakhala chimene chaipha, ndipo mukapanda kuchipeza chidzaphanso yatsopanoyo. Mkati mwa pampu imeneyi petulo amadutsa m'mota mwenimweni. Mafuta omwewo ndi amene amaiziziritsa, ndiponso ndi amene amafewetsa timawilo tachitsulo timene timazungulira mkati. Ikamakoka mpweya m'malo mwa mafuta imatentha n'kumadzidya yokha. Ikamakoka mchenga ndi dzimbiri, timawilo tija timakulika.

Ganizirani mmene takhala tikuyendera zaka zapitazi. M'nthawi za kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 komanso kuyambira 2022, ambirife tinazolowera kuyenda kanyale ka mafuta katayaka, kuthira malita asanu lero, atatu mawa. Thanki ya galimoto yanu imalowa malita 70. Mukamasungamo malita asanu okha, pokhota ndi pokwera mafuta amathawira mbali imodzi ndipo pampu imameza mpweya. Thanki yachitsulo yokhala yopanda kanthu imachitanso thukuta mkati usiku kukazizira, ndipo thukuta limenelo ndiye chiyambi cha dzimbiri. Onjezanipo petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, amene simudziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani kapena anasakanizamo chiyani. Petulo wa kuno amasakanizidwanso ndi ethanol wochokera ku nzimbe, kuyambira mu 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba, ndipo ina ili ku Chikwawa. Ethanol payekha si mdani wa injini, koma amakoka chinyezi, amasungunula litsiro lakale limene linamatirira m'thanki, komanso amaumitsa mapaipi a mphira amene akhalapo kuyambira 1990. Galimoto ikakhala nthawi yaitali osayenda, monga zimachitikira mwini wake akamwalira abale akudikira zokambirana za chuma, zonsezi zimakula.

Pansi pa thanki, pamene paipi yaikulu imatulukira kupita ku pampu, pali kasefa kamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kalipo. Kamamasulidwa ndi soketi yaikulu ya 46. Ndimakumbukira bambo wina amene anabwera kwa ine atasinthitsa pampu katatu m'chaka chimodzi kugalaja ina, ndipo anali atayamba kukhulupirira kuti galimotoyo anaichita zamankhwala. Titamasula kasefako tinapeza katamatidwa ndi phala lofiira ngati dothi la katondo, moti ngakhale kupuziramo mpweya sunkadutsa. Mapampu onse atatu anafa ndi ludzu. Tinatsuka thanki, n'kuika kasefa katsopano ndi pampu yachinayi, ndipo sanabwerenso ndi vuto limenelo. Choncho pa galimoto yanu kasefako katuluke ndipo mukaone ndi maso anu. Mafuta otsala m'thanki muwathire m'chidebe choyera, muone ngati pansi pakudikha madzi kapena zofiira. Ngati zilipo zambiri, thanki ichotsedwe ikatsukidwe. Ndi ntchito yotopetsa chifukwa thanki ili kuseli kwa mpando wakumbuyo ndipo imatulukira ku buti, koma n'kofunika.

Fyuluta isinthidwe tsiku lomwelo, palibe zokambirana. Fyuluta yotsekeka imachititsa pampu kukankha khoma, ndipo ndi imene imateteza fuel distributor, chida chodula kwambiri pa injini yonseyo. Ndi mafuta athuwa ine ndimalangiza kusintha pa makilomita 30,000 aliwonse. Yakaleyo muipendeketse m'kapu yagalasi mbali imene mafuta amalowera. Zimene zitulukemo zikuuzani mmene m'thanki mwanu mulili.

Mwatchulanso zoti ikatentha imavuta kulira. Zimenezi mwina sizidzatha ndi pampu yokha. Kachitini kamene ndinanena kaja kamatchedwa accumulator. Mkati mwake muli sipuling'i ndi kachikopa ka mphira, ndipo ntchito yake ndi kusunga presha m'mapaipi injini ikazima, kuti petulo asawire n'kusanduka nthunzi chifukwa cha kutentha. Pakamwa pa pampu palinso kavavu koletsa mafuta kubwerera m'mbuyo. Chimodzi mwa ziwirizi chikatha, presha imagwa mukangozimitsa, ndipo mukabwerako kogula zinthu pakatha mphindi 20 mumapukusa sitata mpaka manyazi. Pampu yatsopano yabwino imabwera ndi kavavu kake. Accumulator makaniko aipime: geji ikhale pomwepo injini itazima, aone ngati presha ikukhala kapena ikutsika msanga. Ngati kumbuyo kwa kachitiniko kukutuluka petulo, kachikopa kang'ambika ndipo kasinthidwe.

Pogula, tengani nambala ya chasisi, imene pa 230E imakhala ndi 124.023, komanso nambala yolembedwa pa pampu yakaleyo. Muyang'anenso pansipo kuti muone ngati pali pampu imodzi kapena ziwiri, chifukwa ma W124 ena, makamaka a masilinda asanu ndi imodzi, ali ndi ziwiri zolumikizana. Zikakhala ziwiri musinthe zonse, popeza yotsalayo yayenda mtunda womwewo. Mayina amene ine ndimawakhulupirira ndi Bosch ndi Pierburg. M'mashopu a zida za galimoto ku Limbe, ku Ndirande kapena ku Malangalanga ku Lilongwe mukhoza kuipeza, koma tsegulani maso, chifukwa bokosi lolembedwa dzina lotchuka silivuta kusindikiza. Pampu yeniyeni imalemera m'manja, nambala yake imakhala yodindidwa pachitsulo osati yomata, ndipo mtengo wake suseketsa. Ngati muli ndi m'bale ku Johannesburg kapena ku Durban, kumeneko zida za W124 zikadali zambiri, ndipo kaphukusi kake n'kakang'ono kokwera basi. Muitanitse zonse kamodzi: pampu, fyuluta, kasefa ka m'thanki, mawashala akopa, paipi yaikulu yochokera ku thanki ndi timphira topachikira. Pampu yakale ya pagalimoto yophwasulidwa ndi mwayi wa njuga. Ngati thumba lavuta kwambiri, iyesedwe ndi geji musanalipire.

Ntchito yosinthayo si yaitali, maola awiri kapena atatu ngati manati sanagwire dzimbiri, koma ndi ntchito ya petulo ndipo ndaona anthu atapsa. Ichitikire panja kapena pamalo popita mphepo, injini itazizira. Pasakhale mbaula, ndudu, kapena wowotcherera zitsulo pafupi, ndipo kuwalitsa kukhale kwa tochi, osati babu la pa waya limene lingasweke. Chotsani waya wa negetivu pa batire musanagwire china chilichonse. Galimoto ikhale pa dzenje kapena pa zitsulo zoimikira. Jeke yekha kapena njerwa zosanjikiza zapha anthu, ndipo Benzi imeneyi imalemera kupitirira tani imodzi.

Popeza thanki ili pamwamba ndipo pampu ili pansi, mukangomasula paipi petulo yense amatsika yekha. Paipi yaikuluyo ipanidwe kaye, koma ngati mukusinthanso kasefa ndi bwino kungokhuthula thanki yonse m'zigubu zotsekeka. Mbali yotulukira mafuta imakhala ndi presha ngakhale galimoto itagona, choncho natiyo imasulidwe pang'onopang'ono itakulungidwa ndi kansalu, nkhope ili kumbali. Pomasula ndi pomanga pagwire masipanala awiri, ina yogwira ina yopotokola, apo ayi mupinda kapaipi kachitsulo kamene kupeza kwake n'kovuta kuposa pampuyo. Mawashala akopa akhale atsopano. Akale anaphwatalala kale ndipo amadontha ngakhale mumange bwanji. Mawaya awiri a pampu ali ndi manati osiyana kukula kuti munthu asawasinthanitse, koma jambulani chithunzi pafoni musanamasule, chifukwa pagalimoto ya zaka zimenezi mwina wina anadulapo kale n'kulumikiza mwakemwake. Timphira topachikira tikhale tabwino kuti pampu isagunde thupi la galimoto. Paipi iliyonse ya mphira ya mbali ya presha ikhale yopangidwira presha yaikulu. Paipi wamba ya galimoto za kabyuleta imaphulika.

Mukamaliza thirani malita osachepera 20 a petulo wa pa filing'i siteshoni, bwezerani batire, ndipo tsegulani ndi kutseka kiyi kanayi kapena kasanu musanalize, kuti mapaipi adzaze. Ikalira, gwadani ndi tochi muyang'ane polumikizira paliponse, mudutsepo chala. Ngakhale kachinyezi kochepa musakalekerere. Muyang'anenso mawa lake m'mawa, komanso mukayenda ulendo woyamba.

Pali pamene makaniko wa pafupi ayenera kuimira. Ngati pampu yatsopano ikupereka presha yoyenera koma galimoto ikutsamwabe, ikutulutsa utsi wakuda, kapena ikugwedezeka ili pamalo, pitani nayo kwa munthu amene anagwirapo KE-Jetronic, ndipo mumufunse mosapsatira ngati ali ndi geji yake. Musalole aliyense kutsegula fuel distributor kapena kupotokola kasikuluwu kosinthira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya mongoyerekeza. Kasikuluwu kameneko kukatembenuza pang'ono chabe kumasintha kayendedwe konse ka injini, ndipo kubwezeretsa popanda zipangizo ndi mutu waukulu. Chimodzimodzi ngati fyuzi ikupsa mobwerezabwereza, kapena relay yatsopano ikutentha: ameneyo ndi wa zamagetsi, osati woika fyuzi yokulirapo. Ndipo ngati mukumva fungo la petulo m'galimoto kapena m'buti, isayende mpaka podontha papezeke.

Ikachira, muzolowere kuona kota ya thanki ngati ziro. Ndikudziwa kuti masiku a mizere kunena n'kosavuta kuposa kuchita, koma ndi bwino Benziyo igone pakhomo masiku atatu kusiyana n'kuiyendetsa ndi madontho kapena kuimwetsa za m'chigubu. Zikakakamiza kuti muthire za m'chigubu, sefani ndi nsalu yoyera yothina. Muziilizanso ndi kuiyendetsa kamodzi pa sabata ngakhale mulibe ulendo. Relay ija, ngakhale ipezeke kuti ilibe mlandu, ine ndikanagula yatsopano n'kuikamo. Yakaleyo mupatse wokonza mawailesi aiwotcherere bwino mkati, muisunge m'kabokosi ka kutsogolo pamodzi ndi mafyuzi angapo. Kuisintha pamsewu ndi ntchito ya mphindi ziwiri ndipo sikufuna sipanala.